Roketi zolumikiza wekha: chiphaso choyamba, kuulutsa pambuyo

Ku America, anthu wamba amagula zipangizo za roketi m'bokosi n'kuzilumikiza okha kunyumba. Koma roketiyo ikakhala yamphamvu kwambiri, masewerawa amasanduka nkhani ya malamulo.

Injini zake zimadziwika ndi zilembo, ndipo chilembo chilichonse chimaposa cham'mbuyo mwake kawiri pa mphamvu. Kuyambira pa H, pamafunika chiphaso cha bungwe la National Association of Rocketry kapena Tripoli Rocketry Association. Choyamba munthu amachipeza akaulutsa roketi yake pamaso pa omuyesa, iyo n'kutera yosawonongeka. Chachiwiri, cha injini za J mpaka L, chimafunanso mayeso olemba.

Polumikiza, nkhani yagona pa kulemera. Pamene roketi imakhazikika mukaisanjika pachala payenera kukhala patsogolo pa malo amene mphepo imaikankha, apo ayi imapidiguka m'mwamba, mwinanso kulunjika kwa oonerera. N'chifukwa chake ena amawonjezera zolemera kunsonga.

Chovuta koposa, komabe, n'kutsika. Kachipangizo koyeza kutalika kamatsegula parachuti yaing'ono roketi ikafika pamwamba penipeni, yaikulu n'kudikira mpaka itayandikira pansi, kuti mphepo isaitengere kutali. Nalo bungwe loyang'anira zouluka la FAA liyenera kuvomereza malo oulutsirawo.