Feteleza wa m'estufa: chisanu cha Lichinga chili ndi lamulo lake

LICHINGA — Chisanu cha Juni ndi Julayi chikafika, mbande za tomato ndi kabichi zimapulumukira m'nyumba za pulasitiki, zija timati estufa. Koma kulakwitsa feteleza kungathe kupha nazale yonse.

Ureya ali ndi nayitirojeni wambiri, magawo 46 pa 100. Salufeti ali ndi magawo 21, ndipo amawonjezera asidi m'dothi lathu lofiirali. Dothi likazizira, tizilombo tosandutsa feteleza awiriwa kukhala nayitireti timafooka. Amoniyamu amaunjikana, mizu imapsa, masamba amapiringizika.

Choncho alimi, nyengo yozizira gulani nayitireti wa kashiyamu, ngakhale ndi wodula: mbewu imamudya nthawi yomweyo. Muzithira pang'onopang'ono, poti madzi amamukokolola msanga. Ureya adikire dzuwa la Okutobala.