Tikati "kulemeretsa", mlimi amamva chiyani?

M'malipoti a kafukufuku amene amafika kwa inu alangizi mumapezeka kawirikawiri liwu lachingerezi lakuti enrichment. Omasulira ambiri, kaya ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, amangolemba kuti "kulemeretsa". Sanalakwitse kwenikweni, pakuti tsinde la liwulo ndi chuma. Koma mlimi akamva kuti mbewu yakuti njolemeretsa, maganizo ake amathamangira kumsika. Pa chionetsero china cha m'munda, bambo wina anandimvetsera bwino lomwe, kenaka nafunsa mtengo wa thumba. Atamva kuti ngofanana ndi wa chimanga chinacho, ananyamula njinga yake napita. Wolakwa ndinali ine.

Pa nkhani ya nthaka, tiyeni tizingoti kubwezeretsa chonde. Apa palibe chachilendo. Makolo ankadziwa kuti chimanga cha pansi pa msangu chimabiriwira kuposa chinzake, popeza mtengowu umayoyola masamba m'dzinja, pamene mbewu zikufuna dzuwa ndi chakudya. Nandolo, mtedza ndi soya zimathandiza mwa njira yawo: m'timibulu ta m'mizu yake mumakhala mabakiteriya otenga nayitirojeni mumpweya. Ku Makoka, m'boma la Zomba, kafukufuku wobzala gliricidia pamodzi ndi chimanga anayamba mu 1992. Komabe tisanamize alimi. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni, ndipo ngolo imodzi ya manyowa a khola siyandikako n'komwe. Mphamvu ya manyowa yagona pa kusunga chinyezi ndi kufewetsa dothi, zimene feteleza sachita.

Chisokonezo chachikulu chili pa chakudya, chifukwa liwu limodzi lomweli likuphimba zinthu ziwiri. Pali kuthira michere ku fakitale, monga ayodini mu mchere, kapena vitamini A mu shuga, zimene dziko la Zambia linakhazikitsa mwa lamulo mu 1998. Ndiye pali mbewu zimene akatswiri anazisankha ndi kuzikwatitsa kuti zizipanga zokha michereyo zili m'munda. Zoterezi ndi chimanga cha olenji chimene Zambia inatulutsa mu 2012, ndi mbatata za olenji m'kati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere ku Malawi. Mlangizi akanena kuti mbewuzi "anazithira mavitamini", amayi amafunsa, ndipo ali ndi chifukwa chofunsira, kuti mwathiramo mankhwala anji ndipo awatani ana athu. Simunathiridwe kanthu. Nenani kuti ndi chibadwa cha mbewuyo, monga momwe dzungu limakhalira lofiira m'kati popanda wolipaka utoto.

Kumbukiraninso kuti achikulire sanaiwale chimanga chachikasu chimene chinabwera kuchokera kunja pa chilala cha 1992. Kwa iwo mtundu umenewo ndi wa njala. Muwaphikire nsima alawe musanayambe kulongosola. Muwauzenso zoona zake, kuti vitaminiyo imachepa chimanga chikakhalitsa pa dzuwa ndi pa mpweya; azisunga m'matumba osalowa mpweya ndi kugayitsa pang'onopang'ono.

Pali malo amodzi pamene matanthauzo awiriwa amakumana. Ofufuza anapeza kuti chimanga cholimidwa m'madera ambiri a Malawi chili ndi seleniyamu wochepa kwambiri, pamene cha m'madothi ena a m'chigwa cha Shire chili naye wambiri. Munda ungabereke nkhokwe kudzaza, koma nsima yake n'kukhala yoperewera mchere umene thupi limafuna, poti mbewu singatenge chimene m'nthakamo mulibe. Dziko la Finland, litaona vuto lomweli, linayamba kusakaniza seleniyamu mu feteleza mu 1984. Chimangacho sichisintha maonekedwe kapena kukoma, ndipo zokolola sizichuluka. Kusiyana kumaoneka m'magazi a anthu okudya. Liwu lachichewa loti tifotokozere mlimi zimenezi mwachidule ine sindinalipeze, ndipo amene ali nalo atilembere kalata.