Kachilumba ka Mayina Atatu: Tura, Leila ndi Perejil

Mamita pafupifupi 250 kuchokera ku gombe la kumpoto kwa Morocco, moyandikana ndi phiri la Jebel Musa, pali kachilumba ka miyala ka mahekitala 15. Sipakhala munthu, ndipo amene akhala akupondapo kawirikawiri ndi abusa a kugombeko okadyetsa mbuzi.

Anthu a ku Spain amakatcha Perejil, dzina la katsamba konunkhira kothira mu ndiwo. Dzina la eni dera ndi Tura, lomwe amati m'chinenero cha Aberber limatanthauza malo opanda kanthu. Lachitatu, Leila, ndi limene limasocheretsa ophunzira. Likumveka ngati Chiarabu chenicheni, koma ambiri ofufuza amati linachokera ku mawu a Chisipanishi akuti "la isla", kutanthauza chilumba, amene malilime a kugombeko adawafewetsa. Choncho wofuna kutenga dzinali ngati umboni wa umwini ayambe wafunsa kumene lidachokera.

Gwero la mkangano ndi mzinda wa Ceuta, makilomita 8 okha kuchokera pa kachilumbaka. Uyu ndi Sabta wa m'mabuku athu, kwawo kwa Qadi Iyad (Allah amuchitire chisoni), mlembi wa Al-Shifa. Apwitikizi adaulanda mu 1415, ndipo mu 1668 adavomereza kuti ukhale wa Spain. Spain imati kachilumbaka kamatsata mzindawo, Morocco imakana.

Pa 11 July 2002 asilikali ochepa a Morocco adafikapo. Pa 17 July ankhondo a Spain adawachotsa popanda wofa. America idalowererapo kudzera mwa Colin Powell, ndipo mbali ziwirizi zidagwirizana kuti pakhale monga kale, popanda mlonda kapena mbendera.

Nanga mbuzi zija zimapereka umwini? Fiqh imatcha nthaka yopanda mwini ndi yosagwiritsidwa ntchito kuti mawat, ndipo woidzutsa pomangapo, pobzalapo mitengo kapena potulutsapo madzi amakhala mwini wake. Imam Abu Hanifa adaika lamulo loti mtsogoleri aloleze kaye, Imam Shafi'i sadatero, pomwe Imam Malik adafuna chilolezo pa nthaka yoyandikana ndi midzi yokha. M'madh-hab a Maliki, omwe amatsatidwa ku Morocco, kudyetsa ziweto pakokha sikuwerengedwa kuti ndi kudzutsa nthaka. Komabe tisasakanize nkhani ziwiri: malamulowa akunena za munthu wofuna malo pansi pa mtsogoleri mmodzi, pamene pa Tura akukangana ndi maboma awiri, lililonse likudziyesa mtsogoleriyo.