Madzi osambira asatayike pacabe

Amene anaona cilala ca 1992 ndi ca 2024 adziwa kuti zitsime zikauma, amai ndi ana ndiwo amayenda mtunda wautali ndi zigubu pamutu. Koma madzi omwewo tikangosamba kapena kutsukira mbale timawakhuthulira pabwalo. Banja likamataya ndowa ziwiri za malita 20 tsiku lililonse, pa sabata lataya malita 280. Madzi amenewa angathe kusunga mitengo ya zipatso kufikira mvula itabwera.

Madzi oyenera kusunga

Sungani madzi osambira, otsukira mbale ndi ndiwo, ndiponso otsukuluzira zovala. Madzi ocapira matewera kapena zovala za munthu wotsegula m'mimba, ndi madzi amene muli Jik, musawasunge. Atayeni m'cimbudzi.

Kasefedwe kake

1. Boolani timabowo pansi pa ndowa yakale.
2. Ikani timiyala pansi, pamwamba pake makala osinja, kenaka mcenga wotsuka bwino.
3. Mangani nsalu pakamwa pa ndowa kuti igwire nyenyeswa za nsima ndi mafuta.
4. Thirani madzi pang'onopang'ono, adonthere m'beseni.
5. Madzi akayamba kucedwa kutsika, sinthani mcenga ndi makala.

Kathiriridwe kake

Thirirani tsiku lomwelo, cifukwa madzi otere akagona amanunkha ndipo tizilombo timaculuka. Thirani pa nthaka patsinde pa nthoci, mapapaya, magwafa kapena mango, osati pa masamba, ndipo phimbirani ndi udzu wouma kuti cinyontho cikhalitse. Sopo amasiya mcere m'nthaka, motero musamathire malo amodzi masiku onse. Ngati bafa lanu ndi la udzu, kumbani kangalande kopita ku dzenje lodzaza ndi miyala ndi zinyalala za masamba, ndipo bzalani nthoci m'mbali mwake. Dzenjelo likhale kutali ndi citsime, mamita 30 kapena kupitirira.

Cenjezo

Sefa iyi imacotsa litsiro looneka ndi maso, koma siipha tizilombo toyambitsa kolera ndi kamwazi. Madziwo ngakhale aoneke oyera, si akumwa, si ophikira, ndiponso si othirira ndiwo zodya zaziwisi. Auzeni ana zimenezi. Musalole madzi kudikha pabwalo, pakuti m'menemo ndimo muswana udzudzu wa malungo.

Yambani lero ndi ndowa imodzi ndi mtengo umodzi. Mukaona kuti zatheka, kaonetseni anzanu a m'mudzi ndi a ku cigwirizano ca amai.