Zoyenera Kudziwa Musanasamutsire Mabuku a Bizinesi Kapena a Kopaletivi Pakompyuta

Unduna ukufuna kufotokozera alimi, amalonda, atsogoleri a makopaletivi komanso anthu onse za mchitidwe womwe ukukula masiku ano, wosiya makope ndi mabuku n'kuyamba kusunga kaundula wa malonda pakompyuta kapena pafoni. Magulu ena akulandira makompyuta kuchokera kumabungwe owathandiza, ena akugula okha, ndipo m'mizinda muli makampani ndi achinyamata omwe akutsatsa mapulogalamu olembera katundu, ngongole ndi malipiro. Uku n'komwe malonda akulowera ndipo palibe chifukwa chokuopera. Koma ndalama zomwe zimalowa pantchitoyi kawirikawiri zimakhala za mamembala, ndipo makinawo akangogwira miyezi itatu n'kuphimbidwa ndi nsalu pakona ya ofesi, woluza ndi mlimi amene anasonkha.

Choyamba kumvetsa n'chakuti kugula kompyuta sikukhazikitsa dongosolo. Dongosolo loyendetsera uthenga wa bizinesi ndi mgwirizano wa anthu pa zinthu izi: cholembedwa n'chiyani, wolemba ndani, amalemba nthawi yanji, ndipo wotsimikizira kuti zolembedwazo n'zoona ndani. Kompyuta imangosunga ndi kuwerengera mofulumira zomwe yapatsidwa. Ikapatsidwa zolakwika, imazibweza zolakwika chomwecho, kungoti tsopano zasindikizidwa mwaukhondo ndipo anthu amachita nazo manyazi kuzitsutsa.

Chitsanzo chabwino tili nacho m'dziko mwathu momwe muno, pa ndondomeko ya malisiti a nkhokwe yomwe misika ngati ya Agricultural Commodity Exchange for Africa (ACE) yakhala ikugwiritsa ntchito, ndipo ili ndi lamulo lakelake la chaka cha 2018. Mlimi amapereka soya kapena chimanga kunkhokwe yovomerezeka. Mbewuyo amaiyeza kulemera kwake, chinyezi chake ndi giredi yake, kenako amalemba lisiti losonyeza kuti matumba akutiakuti ndi a uje. Lisitilo limatha kukhala chikole cha ngongole, ndipo mlimi amatha kudikira kuti mitengo ikwere m'malo mogulitsa motaya nthawi yokolola. Wobwereketsa ndalama amavomera kupereka ngongole pa matumba omwe sanawaonepo ndi maso. Chimene amakhulupirira si kompyuta yomwe yasindikiza lisitilo, koma kuti sikelo inali yolondola, woyeza anatsata malamulo, ndipo palibe amene angasinthe chiwerengero usiku popanda kusiya chizindikiro.

Motero ntchito yoyamba ichitike ndi pensulo ndi pepala, musanapite kusitolo ya makompyuta. Komiti ikhale pansi ndi kutsatira thumba limodzi kuchokera pamene lalowa pachipata mpaka pamene mwini wake walandira ndalama. Pa sitepe iliyonse funsani kuti pamenepa pamalembedwa chiyani ndipo amalemba ndani. Magulu ambiri akachita zimenezi amapeza kuti pali malo omwe salembapo kanthu, makamaka pamene katundu akuchoka m'manja mwa woyeza kupita kwa wosunga nkhokwe, ndipo pamenepo ndi pamene matumba amasowera.

Nkhani ya miyezo njofunika kuikhalira pansi mofatsa, chifukwa ndi imene imagwetsa madongosolo ambiri. M'buku limodzi lomwelo mupeza wina walemba ndowa, wina matumba, wina makilogalamu. Mlembi wozolowera amadziwa pamtima kuti thumba la mtedza wosasenda silifanana ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndiponso kuti ndowa ya kwa uje ndi yaikulu kuposa ya kwa uje. Kompyuta sidziwa zimenezo. Idzaphatikiza zonse ngati chinthu chimodzi. Gwirizanani muyezo umodzi, womwe ndi kilogalamu, ndipo gwiritsani ntchito sikelo yoyesedwa ndi kudindidwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards (MBS). Lembaninso chinyezi cha mbewu tsiku lolandira. Chimanga cholandiridwa chisanaumitsitse chimapepuka chikamauma, ndipo ngati chinyezi sichinalembedwe, makilogalamu osowawo adzaoneka ngati abedwa, wosunga nkhokwe n'kunamiziridwa kuba komwe sanabe.

Maina nawonso ali ndi vuto lomwelo. M'kopaletivi ya mamembala mazana angapo simulephera kukhala a Phiri kapena a Banda awiri kapena atatu a dzina loyamba lofanana, ndipo munthu mmodzi amatha kulembedwa ndi dzina la kwawo chaka chino, la kwa amuna ake chaka chamawa. Kuyambira pa kalembera wa chaka cha 2017 wa bungwe la National Registration Bureau, akuluakulu ambiri ali ndi chiphaso cha unzika chokhala ndi nambala yomwe sifanana ndi ya wina aliyense. Nambala imeneyo ndiyo ikhale mutu wa tsamba la membala aliyense. Kuyeretsa kaundula wakale, kuchotsa maina obwerezedwa ndi a omwe anatisiya, ndi ntchito yotopetsa yomwe imatenga nthawi yaitali kuposa kuika pulogalamu pakompyuta, ndipo palibe katswiri wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene angaigwire m'malo mwa komiti yomwe imawadziwa anthuwo.

Pankhani yosankha pulogalamu sitichulutsa mawu. Golosale kapena kalabu yaing'ono nthawi zambiri imakwanirwa ndi tsamba la Excel lokonzedwa bwino. Kulembetsa pulogalamu yanuyanu kwa katswiri n'kwa okhawo omwe ayesa zopezeka kale n'kuona kuti sizikugwirizana ndi ntchito yawo. Chimene tikutsindika n'chakuti mtengo wogulira si mtengo wonse. Mapulogalamu ambiri amalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ena mwa iwo m'madola, ndipo pamene mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa zinthu zotere m'makwacha unakwera kwambiri tsiku limodzi. Onjezeranipo ndalama za intaneti, inki, mapepala ndi wokonza makina akawonongeka, ndipo muone ngati phindu la gulu lingazisenze popanda thandizo la kunja.

Funsaninso wogulitsa kuti pulogalamuyo imatani magetsi akazima kapena netiweki ikasowa. Pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko lonse linakhala nthawi yaitali pa kuzimazima kwa magetsi. Malo ambiri ogulirako mbewu ali kumidzi komwe mawaya a ESCOM sanafikeko n'komwe. Pulogalamu yoyenera kumeneko ndi imene imalola kulemba popanda intaneti n'kudzatumiza netiweki ikabwera, yogwira pafoni kapena pakompyuta yotchajidwa ndi sola. Ngati mamembala azilandira uthenga wa malipiro awo, ukhale wa SMS womwe umafika ngakhale pafoni ya mabatani.

Nthawi yoyambira isakhale pachimake pa msika. M'miyezi ya May, June ndi July, pamene alimi ali pamzere ndi ngolo panja, mlembi alibe mpata wophunzira chinthu chatsopano, ndipo makina akangochedwa pang'ono adzabwerera kubuku. Yambani miyezi yomwe malonda ndi ochepa, ndipo kwa nyengo yathunthu lembani monse muwiri, m'buku ndi pakompyuta, n'kumayerekeza mathero a sabata iliyonse. Pomwe ziwirizi zasiyana, fufuzani chifukwa chake musanapitirire. Ena amaona ngati kulemba kawiri n'kutaya nthawi, koma ndi njira yokhayo yodziwira ngati dongosolo latsopanolo lingadaliridwe. Ophunzitsidwa asakhale munthu mmodzi. Mnyamata wodziwa kompyuta akapeza ntchito kutauni, gulu lisatsale ndi makina omwe palibe wotha kuwatsegula.

Chomwe Unduna ukuchiona kukhala choopsa kwambiri ndi nambala yachinsinsi yogawana. Wapampando, mlembi ndi msungichuma akamalowa ndi nambala imodzi, palibe njira yodziwira amene anasintha chiwerengero. Aliyense akhale ndi yakeyake, ndipo mphamvu zisiyane: wolemba katundu wolowa asakhalenso wovomereza malipiro, monga momwe cheke cha gulu sichisainidwa ndi munthu mmodzi. Pulogalamu yabwino silola kufufuta cholembedwa. Cholakwika chimakonzedwa ndi mzere wina watsopano wosonyeza wokonza, tsiku ndi chifukwa. Malipiro a pa Airtel Money kapena TNM Mpamba azidutsa pa akaunti ya gulu kapena ya bizinesi, osati pa nambala ya foni ya mtsogoleri, ngakhale akhale wokhulupirika chotani.

Malamulo a dziko akukhudzanso ntchitoyi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la chaka cha 2016 limavomereza zolembedwa za pamakina, kutanthauza kuti zomwe mwasunga zitha kudzafunika pa mlandu. Lamulo loteteza uthenga wa anthu la Data Protection la chaka cha 2024, lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limaika udindo pa aliyense wosunga maina, manambala a foni ndi a ziphaso za anthu ena. Kaundula wa mamembala si katundu wogulitsa kapena wopereka mwachisawawa kwa otsatsa malonda, obwereketsa ndalama kapena andale. Amalonda olembetsa msonkho wa VAT afunse kaye ku bungwe la MRA ngati pulogalamu yomwe akufuna kugula ikugwirizana ndi njira yovomerezeka yotulutsira malisiti, kuopa kulipira kawiri.

Pomaliza pake, musasaine mgwirizano ndi kampani kapena bungwe lililonse usanalembedwe momveka kuti zonse zosungidwa m'dongosololo ndi za gulu lanu, ndipo mutha kuzitulutsa nthawi iliyonse m'njira yowerengeka pa pulogalamu ina. Ngati dongosololi labwera ndi pulojekiti, funsani lero lomwe kuti pulojekitiyo ikadzatha adzalipire ndani, ndipo makina akadzavuta mudzaimbire ndani. Sungani kope lachiwiri la kaundula yense sabata ndi sabata pamalo ena osati muofesi momwemo, poti moto, akuba kapena madzi osefukira zimatenga kompyuta ndi buku pamodzi. Magulu ofuna uphungu asanagule akhoza kuonana ndi ofesi ya zamalonda ku khonsolo ya boma lawo kapena mlangizi wa zaulimi wa m'dera lawo, atatenga mabuku awo a nyengo ziwiri zapitazi komanso kalata ya mtengo yomwe wogulitsa wawapatsa.