Khofi wa Espresso pa Ulendo

Lero tikambirana za khofi wotchedwa espresso, ndi momwe munthu wa paulendo angamukonzere kumalo kumene kulibe magetsi. Taganizirani za mlangizi wa zaulimi kapena wamalonda wogula manachesi, amene kwamudera pa Ligowe m'boma la Neno, mvula itaononga msewu. Ali ndi mbaula, ketulo ndi kamakina kokwana m'chikwama. Kodi zimenezi n'zokwanira? Yankho n'lakuti inde, malinga adziwe chimene chimachititsa khofi kukhala espresso.

Poyamba tidziwe kuti espresso si mtundu wa mbewu ayi, koma kaphikidwe. Madzi otentha amakankhidwa mwamphamvu kuti adutse mu ufa wa khofi wotsenderedwa bwino. Mphamvu imeneyi imayezedwa ndi muyeso wotchedwa bar. Espresso amafuna pafupifupi 9 bar, pamene tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mpweya wongopitirira 2 bar. Chotulukapo ndi khofi wochepa, mamililita 25 mpaka 30, wamphamvu ndiponso wa thovu lofiirira pamwamba.

Luso limeneli linachokera ku Italy. Angelo Moriondo wa ku Turin analembetsa makina ake m'chaka cha 1884, ndipo Luigi Bezzera wa ku Milan anawakonzanso mu 1901. Makinawo anali aakulu, oyenera m'nyumba zodyera basi. Mu 1933 Alfonso Bialetti anatulutsa kampoto kotchedwa moka, kamene kamakhazikidwa pamoto. Kampotoka n'kolimba ndipo kamagwira ntchito ngakhale pa makala, koma mphamvu yake siipitirira 2 bar. Choncho khofi wake, ngakhale ndi wokoma, si espresso weniweni. Masiku ano kuli timakina topopa ndi manja monga momwe timapopera njinga, ndipo timeneti timafika pa mphamvu yofunikayo popanda magetsi.

Tsono pali zinthu zitatu zoyenera kusamala. Choyamba ndi kaperedwe ka khofi. Ufa wake ukhale wosalala ngati mchere wa m'paketi, koma usafike pa ufa woyera wa nsima. Khofi wosungunuka wa m'chitini sagwira ntchito pano, pakuti madzi sapeza chowatchinga. Thirani magalamu 7 mpaka 9 m'kasefa ka makinawo, ndipo mutsendere mofanana mbali zonse. Mukatsendera mopendekeka, madzi amangodzipezera njira yapafupi, n'kusiya kukoma konse m'mbuyo.

Chachiwiri ndi kutentha kwa madzi, kumene kuyenera kukhala pakati pa madigiri 90 ndi 96. Apa anthu a ku Neno amvetsetse bwino. Munthu akamakwera mtunda, madzi amawira asanatenthe kwambiri: pa mamita 300 aliwonse, digiri imodzi imachokapo. Motero kumtunda kozizira monga ku Ligowe, thirani madziwo akangowira. Kumunsi, monga pa Zalewa m'mbali mwa Shire, mungathe kudikira pang'ono. Ndiponso muyambe mwatsuka makina ndi kapu ndi madzi otentha, chifukwa chiwiya chozizira chimalanda kutentha kwa madzi ochepa chotere, makamaka m'mawa wa mwezi wa Juni.

Chachitatu ndi kapopedwe. Popani modekha, kamodzi pa sekondi iliyonse, kuti khofi atuluke m'masekondi 25 mpaka 30. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Khofi akatuluka mothamanga, wotuwa ndi wowawasa, ndiye kuti ufa unali wokhakhala. Akamangodontha movutikira, n'kumawawa ngati mankhwala, ndiye kuti ufa unasalala mopitirira. Lilime lanu ndilo lidzakuuzani chofunika kusintha.

Nanga khofiyo timupeza kuti? Sitifunika kuyang'ana kunja. Khofi anafika m'dziko muno mu 1878, pamene Jonathan Duncan anabweretsa mbande ku mishoni ya Blantyre kuchokera ku Edinburgh. Lero khofi wa mtundu wa arabica amalimidwa ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya ndi ku Thyolo. Gulani wokazinga kale, mumusunge m'chitini chotseka bwino, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi. Ngati muli ndi kachigayo ka m'manja, perani wokwanira kapu imodzi yokha, popeza khofi wopera amataya fungo msanga.

Za ukhondo nazo tisaiwale. Gwiritsani ntchito madzi oyera, owiritsa. Madzi a m'mijigo ina amasiya zoyera m'kati mwa makina, ndipo m'kupita kwa nthawi timabowo timatsekeka. Mukatha kumwa, tayani zotsalira, tsukani ndi kuumitsa chiwiya chilichonse. Amene muli ndi moka, musamatsegule kadakali kotentha, kuopa kupsa ndi nthunzi.

Potsiriza, mawu kwa oyendetsa galimoto ndi njinga zamoto m'misewu yokhotakhota ya kumapiri: khofi amathamangitsa tulo kwa kanthawi chabe, koma sachotsa kutopa m'thupi. Maso akayamba kulemera, imani pambali mupumule, kuti mukafike amoyo.