Ndandanda ya Pakhoma ndi Mpata Wosankha

Ku North Carolina, m'dziko la America, katswiri wa za maganizo Eric Schopler ndi anzake adakonza ndondomeko yophunzitsira ana amene ali ndi autism, yotchedwa TEACCH, yomwe boma la chigawocho lidaikhazikitsa mu 1972. Ku Nottingham, m'dziko la England, Elizabeth Newson, katswiri wa za kakulidwe ka ana, adayamba m'zaka za m'ma 1980 kulemba za ana ena amene ankabwera nawo kwa iye. Anawa ankafanana ndi ana a autism m'zambiri, koma chimodzi chinkaposa zonse: ankazemba chilichonse chimene auzidwa kuti achite, chingachepe bwanji, ngakhale chimene iwo eni amachikonda. Mkhalidwewu adautcha Pathological Demand Avoidance, mwachidule PDA. Kwa akatswiri awiriwa kudachokera njira ziwiri zothandizira, ndipo pa mwana mmodzimodzi zimatha kulangiza zosiyana kotheratu.

Poyambira pake zimagwirizana. Palibe imene imati mwanayo ndi wamwano kapena wamakani. Zonse zimaona nkhawa pamene ena akuona chipongwe, ndipo zonse zimati wamkulu ndiye ayambe kusintha, iye pamodzi ndi malo amene mwana akukhala. Zimasiyana pa gwero la nkhawayo. Kwa Schopler, mwana amavutika chifukwa sakudziwa chimene chikubwera, ndiye mumuonetse. Kwa otsatira Newson, mwana amavutika chifukwa akumva kuti wina wamugwirira chiwongolero, ndiye mumubwezereko.

Taonani m'mawa wa tsiku la sukulu. M'nyumba yoyamba pakhoma pali zithunzi zondondozana: mswachi, zovala, mbale ya chakudya ndi basi. Mayi amalankhula mawu ochepa ndi olunjika, "Vala nsapato," n'kuloza chithunzi. Mwana akamaliza amachotsa chithunzicho, ndipo mtima wake umakhala m'malo poona kuti zatsala ziwiri. M'nyumba yachiwiri, ya mwana wa PDA, zithunzi zomwezo zikadakhala malamulo anayi omudikira asanadzuke n'komwe. Kumeneko mayi amangonena ngati akudziyankhulira, "Nsapato zija zili pakhomo," kapena amafunsa ngati lero n'zakuda kapena zofiira, kapena amapereka mawuwo kwa chidole kuti ndicho chipemphe. Woyambayo adalangizidwa kuti asazungulire, pakuti kuzungulira kumasokoneza mwana wake. Wachiwiriyo adaphunzira kuti kulunjika ndiko kumatseka khomo.

Chimodzimodzi pa chizolowezi. Mwana wa m'nyumba yoyamba amapeza mpumulo zinthu zikamachitika monga dzulo. Newson adaona kuti ana amene ankawafotokoza amagwirika bwino ndi zachilendo, nthabwala ndi masewero, moti chimene chagwira ntchito Lolemba chikhoza kukanika Lachitatu chifukwa mwana wachitulukira. Adaonanso kuti kuzemba kwawo kumakhala kwaluso: amasintha nkhani, amakuyamikirani chovala, amati miyendo yafa, amasanduka mphaka amene sangagwire pensulo. Zonsezi zikakanika, m'pamene pamabwera kukuwa, kumenya kapena kuthawa, ndipo odziwa nkhaniyi amati pamenepo mwana wagwidwa ndi mantha aakulu, sakuchita dala.

Pa kuyamikira ndi pamene ine ndimaona kusiyana kozama. M'makalasi ambiri ndandanda imayendera limodzi ndi nyenyezi zomata ndi mawu akuti "Wachita bwino." Kwa ana ambiri izi n'zolimbikitsa. Kwa mwana wa PDA, chiyamiko cha lero ndi ngongole ya mawa: wachita bwino, ndiye mawa achitenso chomwecho. Makolo ena amasimba za mwana amene adang'amba chojambula chake atangochiyamikiridwa. Ndipo lamulo silichokera kwa anthu okha. Njala, ludzu ndi tulo nazonso zimalamula, moti akuluakulu amene ali ndi mkhalidwewu amafotokoza kuti amatha kulephera kudya ali ndi njala, kapena kusiya buku limene akulikonda chifukwa chongodziuza kuti ayenera kulimaliza. Apa ndandanda ilibe chonena.

Komatu njira yachiwiri ili ndi mtengo wake. Bungwe la PDA Society ku Britain limalangiza kusankha nkhondo zoyenera kumenya, kuchepetsa nkhawa, kukambirana, kubisa malamulo ndi kusinthasintha. Kusankha nkhondo kukutanthauza kuti zina zimatsalabe: mankhwala ayenera kumwedwa, msewu suwolokedwa mwachisawawa. Kholo limatopa chifukwa chiganizo chilichonse liyenera kuchiyeza lisanachitulutse, abale a mwanayo amafunsa chifukwa chake iwo okha ndiwo amatsuka mbale, achibale amati mukumulekerera. Ndipo kubisa lamulo kukapitirira kumasanduka kupusitsa, chinthu chimene mwana wochenjera chotere sachedwa kuchinunkhiza. Mtengo wa njira yoyamba ndi wina. Mphunzitsi wa ana makumi atatu imamupepukira, koma ikhoza kubala kumvera kwa pamaso: mwana amadzigwira tsiku lonse kusukulu, n'kukaphulika atafika kunyumba, mpaka tsiku lina akaniratu kupitako.

Pa umboni nazonso sizilingana. TEACCH yakhalapo zaka zoposa 50 ndipo yafalikira m'mayiko ambiri, ngakhale ofufuza apeza kuti phindu lake n'lapakatikati, osati lodabwitsa. Za PDA, nkhani ya Newson ndi anzake idasindikizidwa mu 2003 m'magazini ya madokotala ya Archives of Disease in Childhood, yonena za ana 150, koma mkhalidwewu mulibe m'mabuku awiri akuluakulu oyezera matenda, DSM-5 ndi ICD-11. Mu 2018 Jonathan Green ndi anzake adalemba kuti zizindikirozo zilipodi koma umboni woti ndi vuto loima palokha ngosakwanira. Damian Milton, wofufuza amene iye mwini ali ndi autism, amafunsa ngati kukana zimene zikukupweteka kuli matenda n'komwe. Zambiri zochirikiza njira yochepetsa malamulo zikuchokera kwa makolo, aphunzitsi ndi eni akewo, ndipo umboni wotere sitingautaye, sitingautengenso ngati wathetsa nkhani.

M'makalasi ena ziwirizi zimakumana. Ndandanda imakhalapo, koma mwana ndiye amailemba ndi pensulo, n'kukhala ndi ufulu wosintha dongosolo lake kapena kufufuta chimodzi. Amadziwa chimene chikubwera, monga ankafunira Schopler, ndipo chiwongolero chili m'manja mwake. Izi zimafuna mphunzitsi amene ali ndi nthawi, komanso sukulu yovomera kuti mwana uyu asiyane ndi anzake. Ku England kuvomerako nthawi zambiri kumatsatira zimene zalembedwa pa kalata ya achipatala, ndipo madera ena amalemba kuti mwana ali ndi autism yokhala ndi mkhalidwe wozemba malamulo, pamene ena salola kutchula PDA m'pang'ono pomwe.